Lamulo Lachinayi

Lolemba, 13 Januwale

Kasarani, Nairobi. Dzuwa kuyambira m'mawa, fumbi. Kunyamuka 6:05, kufika ku ofesi 7:20. Jamu ya magalimoto pa Thika Road monga mwa masiku onse.

Makalata olowa m'kaundula: 41. Otuluka: 17. Fayilo imodzi yabwera yosasainidwa; ndaibweza kwa mwini wake.

Pakati pa olowawo panali chikalata chochokera kulikulu la bungwe lathu, masamba atatu, cholangiza antchito otumizidwa kumayiko ozizira za kayendetsedwe ka galimoto pamsewu wa sinowo ndi ayezi. Sichikukhudza aliyense wa kuno ku Nairobi. Komabe mwambo wanga sindiusintha: pepala lililonse ndimaliwerenga lonse ndisanalidinde.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi ndaiwerenga katatu. Ikuti potsika mtsetse woterera, galimoto isaikidwe pa fili, yopanda giya, ngakhale kamphindi. Ikhale m'giya yotsika, phazi lichoke pa kilatchi, injini ndiyo igwire galimoto. Ikutinso woika pa fili watsala ndi buleki yokha, ndipo buleki pa ayezi siimitsa, imangotsetsereketsa.

Modesta, mwana wanga mmodzi yekhayo, ali ku Scotland mwezi wachinayi tsopano. Ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kumapiri, nyumba zotalikirana. Amayendera kagalimoto kakale ka magiya. Kuyendetsa ndinamuphunzitsa ndine. Ndinamulembera malamulo khumi pakhadi, ndi dzanja langa. Lachinayi limati: potsika, ika pa fili, mafuta sachita kutola.

Ndadinda chikalatacho. Fayilo TR/9, tsamba 112.

Ine ndi Modesta sitinalankhulane chichokere iye pa 20 Seputembala. Pabwalo la ndege ndinamuuza kuti munthu wosiya yunivesite m'chaka chachitatu kuti akasambitse nkhalamba za eni asayembekezere foni yanga. Mawuwo sindinawabweze. Amalankhula ndi mayi ake tsiku ndi tsiku.

Lachiwiri, 14 Januwale

Olowa 36, otuluka 22.

Nthawi ya nkhomaliro ndatsikira koimika magalimoto kukaonana ndi a Medson, dalaivala wathu wamkulu, Mmalawi mnzanga wa ku Ntcheu. Anagwirapo ntchito zaka ziwiri kumapiri a ku Asia, kumene sinowo amatseka misewu. Ndawaonetsa mfundo ija ngati ndikungofuna kutsimikiza kuti likulu silinalakwitse.

Aseka mpaka kutsamira galimoto. Ati: "Bwana, fili ndi matenda a kwathu, tinachita kuyamwira. Koma pa ayezi ndi kumasula ng'ombe pangolo muli pakati pa mtsetse. Ngolo imadziwa yokha kopita."

Afotokozanso za ayezi wosaoneka. Msewu umangooneka ngati phula lonyowa, makamaka pamthunzi wa mitengo ndi pamilatho. Munthu amazindikira pamene chiwongolero chapepuka m'manja, ndipo pamenepo zatha kale.

Kenako andiyang'ana. "Kodi mukufunsira ndani? Mukufuna kutithawa, mukakhale kwa azungu?" Ndayankha kuti ndi nkhani ya ntchito. Ati: "Ntchito yakeyo ili ndi dzina, kapena?" Modesta amamudziwa, anamuperekeza nawo ku ndege.

Lamulolo sindinalitole pamsewu. Ndinalitenga m'chaka chija mafuta anasowa ku Lilongwe, pamene tinkaima pamzere masiku awiri n'kubwerera chimanjamanja. Ndinkatsika kuchokera ku Dedza pa fili mtunda wautali, ndipo ndinkadzitama nazo. Mafuta atabwerera, chizolowezi chinatsala. Chizolowezi chitakhalitsa ndinachitcha lamulo.

Modesta ndinkamuphunzitsa Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa, pamsewu wotsika kuchokera ku Limuru. Tikafika pamtsetse ndinkagogoda dashibodi ndi cholembera: "Fili!" Akachedwa, tinkabwerera pamwamba kukayambiranso. Tsiku lina tinabwerera kasanu ndi kawiri, iye akulira. Maphunziro 34, onse ndinawalemba m'buku la chaka chimenecho. Pa phunziro la 30 ndinalemba kuti dzanja lake layamba kufika pa giya cholembera chisanagogode. Ndinadula mzere kunsi kwake, posonyeza kukhutira.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndajambula tsamba lachiwiri la chikalata chija, ndipo ndalemba m'buku la makina kuti kope limodzi latengedwa pa zanga. Madzulo ndalipereka kwa amake Modesta, a Rosina, kuti alitumize pa foni ngati alipeza okha.

Andifunsa chifukwa chimene sindikutumizira ndekha. Ndati foni yawo ndiyo imajambula bwino. Ati: "Ehe, ndiye mwana wanu amayankhula ndi kamera."

Yankho labwera pasanathe ola, uthenga wa mawu. A Rosina auika pathebulo, autsegula mokweza. Mawu ake sindinawamve miyezi inayi. Anenepa pang'ono, kapena ndi chimfine.

Wati: "Amayi, mapepala amenewa amalemba ndi anthu oti sanaimepo pamzere wa petulo. Adadi ayendetsa zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Khadi lawo lija ndinalimata padashibodi, anzanga amandiseka kuti ndi malamulo a Mose. Musadandaule, ndimatsata lililonse."

A Rosina aubwereza kachiwiri, ngakhale sindinapemphe. Kenako anyamula mbale kupita kukhitchini.

Ndinkaganiza kuti khadilo analitaya tsiku lomwelo la pabwalo la ndege. Zikanakhala bwino akanalitaya.

Zaonekeratu: pepala silingafafanize zimene ndinalemba ine. Ngakhale mayi ake sangathe.

Lachinayi, 16 Januwale

Olowa 29. Otuluka sindinawerenge bwino; ndibwereza mawa.

Ndalemba uthenga katatu papepala.

Woyamba: "Chifukwa cha nyengo ya kumeneko, lamulo lachinayi layamba laimitsidwa." Ndaung'amba. Ukumveka ngati wolakwa ndi nyengo.

Wachiwiri, ndime zinayi, zofotokoza za injini ndi matayala. Wolondola, koma angauwerenge monga anawerengera pepala lija.

Wachitatu unayamba ndi mawu akuti "Mwana wanga." Apo cholembera chinaima.

Palibe umene watumizidwa.

Loweruka, 18 Januwale

Dzulo sindinalembe.

Dzulo m'mawa galimoto ya Modesta inaterereka pamphambano, kunsi kwa kamtsetse kakang'ono pafupi ndi kumene amakhala. Inadutsa mzere woimapo, n'kukaima pakati pa msewu waukulu. Kunalibe galimoto ina. Anauza mayi ake akuseka, akuti "inangovina pang'ono." Iye akuganiza kuti vuto ndi matayala.

Ndinafunsa a Rosina ngati inali pa fili. Anati: "Mufunseni. Nambala yake simunaiiwale, inu simuiwala nambala."

Lero m'mawa, tikumwa tiyi, anenanso zina. Ndizilemba monga anazinenera, pakuti kaundula sasankha zokoma zokha. "Abambo ake Modesta, anthu amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Koma ena akagonera amasasa, ndipo mwini wake ndiye amakawataya. Mwakhala mukubweza mafayilo a anzanu zaka zonsezi chifukwa cha kadontho. Yanuyi muibweza liti?"

Ndinati nkhaniyi ndikuilingalira mwadongosolo. Anati mwana sayenda pa dongosolo, amayenda pa msewu.

Zina zimene ndamva kwa iwo. Lachiwiri likudzali Modesta wapatsidwa nyumba yatsopano: mayi wa zaka 88, wokhala yekha pafamu, kunsi kwa chigwa. Msewu wake ndi wopapatiza, wotsika makilomita awiri, mpanda wa miyala mbali imodzi, mtsinje kunsi. Ayenera kufika m'mawa kukamumwetsa mankhwala. A zanyengo kumeneko akuti Lolemba kugwa sinowo, kenako kuzizira koopsa.

Ndayang'ana pa mapu a pa foni. Msewuwo ndauona. Ukhota kawiri, ndipo kukhota kwachiwiri kuli pamlatho.

Masiku atatu.

Lamulungu, 19 Januwale

Misa ya 8:00. Ulaliki sindinaumve.

Nditaweruka ndaimbira a Medson. Ndawauza kuti sindingathetse lamulo chifukwa cha pepala ndi nthabwala ya ngolo. Ndiyenera kuona ndekha. Ati ndiwapeze ku Industrial Area, kugalaja ya mnzawo kumene amatsukira malole.

Kuseri kwa galajayo kuli kamtsetse ka simenti yosalala, mamita ngati makumi atatu, kunsi kwake mulu wa matayala akutha. A Medson athirapo madzi ndi sopo wa ndowa ziwiri. Ati uyu ndiye sinowo wa amphawi, ndipo ayezi weniweni amaposa apa kawiri. Mwini galaja, Mkenya wachikulire, wakhala pampando kuti aonere. Wati m'Chiswahili: "Pole pole, mzee," kutanthauza kuti ndiyende pang'onopang'ono.

Ulendo woyamba, monga mwa lamulo langa. Galimoto yanga yomwe, imene Modesta anaphunzirira. Pa fili. Yayamba bwino, kenako yathamanga kuposa mmene ndinafunira. Ndaponda buleki. Palibe chimene chachitika. Ndapondanso mwamphamvu, ndapinda chiwongolero kumanja, galimoto yapitirira kumanzere, cham'mbali, mwakachetechete. Chete ameneyo ndiye wandiopsa. Yakaima m'matayala muja.

Masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Malaya onse thukuta.

Ulendo wachiwiri, giya yachiwiri, phazi lamanzere pansi, osakhudza kilatchi, buleki kungoisisita. Injini ikulira ngati ikudandaula, koma galimoto yatsika ngati munthu wotsika makwerero. Ndaima ndisanafike pa matayala.

Pokwera ulendo wachitatu kuti nditsimikize, ndachita chinthu chimene sindinayembekezere. Nditangofika poyambira kutsika, dzanja langa laika pa fili lokha. Ndinali nditangoona zotsatira zake mphindi zisanu zapitazo. A Medson akuwa kuchokera panja: "Bwana, dzanjalo! Likudziwa kuposa mutu!"

Ngati langa likutero, nanga la mwana amene ndinamubweza kasanu ndi kawiri?

Pobwerera a Medson awonjeza mawu amene ndikanakonda akanawasunga. Ati ngakhale pamsewu wouma fili ndi yoipa, imatenthetsa mabuleki, ndipo magalimoto a masiku ano sapulumutsa nayo mafuta ngakhale dontho. Ati: "Tinkangodzinamiza, bwana, tonsefe. Kusiyana kwake n'koti ena sitinalembe pakhadi."

Nyali yakumanzere yasweka. Sindinauze a Rosina chifukwa chake, koma aona.

Lolemba, 20 Januwale

Olowa 44. Ndasainira fayilo pamalo olakwika, koyamba chiyambire ntchito ino. Ndakonza, ndasainanso pambali.

Ndaimbira Modesta 5:30 madzulo, kumeneko 2:30 masana. Ndinaima pakhonde la ofesi, anzanga atapita. Yaitana kanayi.

Wayankha ndi mantha: "Adadi? Amayi ali bwino?" Ndati ali bwino. Wafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Ndati ayi.

Ndinali nditakonza mawu. Amene atuluka ndi ena. Ndati: "Ndikukudziwitsa kuti lamulo lachinayi lachotsedwa. Potsika uzikhala m'giya yachiwiri."

Wafunsa: "Lachotsedwa ndi ndani?"

Ndati lachotsedwa basi, ndipo zifukwa zake zili papepala limene mayi ake anatumiza.

Wati: "Miyezi inayi, adadi. Khirisimasi ndinadya ndekha buledi m'galimoto, foni ili pamwendo. Lero mwaimba kuti mundiuze za giya? Simunafunse n'komwe ngati ndili ndi jekete." Ndati za jekete ndi nkhani ina, tsopano amvetsere za msewu. Wati ali pakhomo la wodwala, sinowo wayamba, ndipo alibe nthawi ya chikalata cha boma. Wadula.

Mphindi imodzi ndi masekondi 52.

Sindikudziwa ngati wamva. Choopsa koposa: mwina wamva, koma mkwiyo umuchititsa kusunga lamulolo, kuti andionetse kuti iye sasintha mawu monga ndachitira ine. Khalidwe limenelo ndikulidziwa kumene analitenga.

Ndauza a Rosina zonse, mawu ndi mawu. Sanandidzudzule. Angoti: "Munapita ndi chidindo, mwana amafuna bambo ake." Atumiza uthenga kwa iye, sunawerengedwe.

Chakudya chamadzulo sindinadye.

Lachiwiri, 21 Januwale

Ku ofesi 7:10. Kumeneko kukadali mdima. Ndaimba 9:30, 10:00, 10:30. Siyikuyankhidwa. Ndatumiza uthenga: "Usatsike tisanalankhule." Makalata ali pathebulo, sindinatsegule ngakhale imodzi.

11:04. Waimba yekha. Ndikulemba izi tsopano lino, foni itangodulidwa, kuti manja akhale ndi chochita.

Waima pamwamba pa mtsetse uja, pambali pa geti la famu ina. Kumeneko ndi 8 koloko, kukungoyamba kuyera. Mawu ake ang'onoang'ono, ngati a tsiku lija la ku Limuru. Wati galimoto yothira mchere wosungunula ayezi sinadutse msewu umenewu. Watsika kuti aponde pansi, wagwa chagada. Pansi pa sinowo pali galasi.

Ndati abwerere. Wati waimbira kale ku ofesi yawo. Mlimi wa thirakitala sapezeka mpaka masana, ndipo mayi uja mankhwala ake ndi a shuga, sayankhanso foni chiyambire m'mawa. Wati: "Nkhalamba za eni zija, adadi. Iyi ilibe mwini wina lero, ndine."

Ndalandira mawuwo. Ndi anga.

Kenako wafunsa: "Ndiuzeni zoona. Ndikhulupirire khadi kapena foni ya dzulo? Onse awiri ndinu."

Ndatseka chitseko cha ofesi. Ndati: "Modesta, mwana wanga, ndinalakwa ine. Lamulolo ndi labodza kuyambira tsiku limene ndinalilemba. Ndinakuphunzitsa cholakwika, ndipo ndinakuliza kuti uchigwire. Lamulungu ndinayesa ndekha pa simenti ya sopo, a Medson akuonerera, ndinakagwera m'matayala."

Ndimamva injini yake ndi mpweya wake. Kenako: "Bwerezani, adadi, netiweki inadula." Sinadule. Ndabwereza, mawu onse, osachotsapo. Wafunsa ngati a Medson anajambula kugwera m'matayalako. Ndati ayi. Wati n'zachisoni.

Ndamuuza zimene ndikuzidziwa tsopano, osati zapapepala zokha. Aike giya yachiwiri adakali poima, asanayambe kutsika. Akangoyenda, phazi lamanzere lichoke pa kilatchi, likhale pansi. Buleki aisisite asanafike pokhota, osati ali mkati mokhota. Ikayamba kuterereka asaponde chilichonse mwamphamvu, ayang'ane kumene akufuna kupita, chiwongolero chitsate maso. Pamlatho asachite kanthu kalikonse mwadzidzidzi.

Wati: "Vuto ndi dzanjali. Limapita lokha." Ndati ndikudziwa, langanso linatero. Ndamuuza kuti manja onse awiri agwire chiwongolero, ndipo azinena mokweza kuti "yachiwiri, yachiwiri" mpaka kunsi, ngakhale aoneke ngati wamisala. Nkhosa za kumeneko sizikamunena.

Waseka pang'ono, mwamantha. Wati athimitsa foni kuti asasokonezeke. Makilomita awiri pa liwiro la munthu wothamanga pang'ono: mphindi khumi ndi ziwiri, mwina khumi ndi zisanu. Wadula 11:13.

11:18. Wina wagogoda. Sindinatsegule.

11:22. Pofika pano ayenera kuti wadutsa kukhota koyamba. Ndikuona mpanda wa miyala umene sindinauonepo.

11:25. Mphindi khumi ndi ziwiri. Sindinaimbire a Rosina, ndiwauza chiyani?

11:28. Khumi ndi zisanu. Mlatho. Ambuye, zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani zinthu mwadongosolo. Lero ndilibe dongosolo. Cholakwacho ndi changa, musachilembe pa iye.

11:33. Makumi awiri. Ndaimba, yothimitsa. Mwina kuchigwako kulibe netiweki. Mwina anaima kuti apume. Mwina

11:41. Wafika.

Waimba pa foni ya m'nyumba ya mayiyo, yakeyo sikugwira kunsiko. Anatsika pang'onopang'ono kuposa mmene tinawerengera. Pamlatho kumbuyo kwa galimoto kunagwedezeka, anasiya zonse monga ndinanenera, inadziwongola. Dzanja linanyamuka kawiri kupita pa giya. Kachiwiriko analimenya ndi linzake. Wati waimirira chotsamira khoma. Mayi uja wamupeza ali moyo, wofooka, atakhala pampando m'nyumba yozizira. Wamufunditsa, wamupatsa tiyi wa shuga, akuyamba kulankhula.

Ndaika cholembera pansi, foni ili pakhutu. Wafunsa ngati ndikadalipo. Ndati ndilipo. Ndafunsa za jekete. Ali nayo, koma yopyapyala.

Kenako wati: "Adadi, kutsika tatsika. Koma pali nkhalamba zina zitatu zikundidikira kumtunda. Pokwera phiri la ayezi munthu amatani?"

Ndati sindikudziwa.

Waseka, kuseka kwenikweni tsopano, mpaka mayi uja ndamumva akufunsa chimene chachitika. Wati: "Kawiri tsiku limodzi, adadi? Amayi sakhulupirira."

Ndamulamula, ayi, ndamupempha, kuti asayatse galimoto mpaka nditamuimbira pa nambala ya nyumbayo. Wavomera. Ali ndi ntchito ya mphindi makumi anayi pamenepo.

Odziwa za pokwera ndi a Medson, koma apita ndi lole ya ofesi ku Industrial Area. Foni yawo ikungoitana, mwina ali pansi pa galimoto. Pa matatu, maminibasi a kuno, sindingafike nthawi yake. Ndatseka kaundula 11:50, makalata osatsegula, ndipo chifukwa chotsekera sindinachilembe. Boda boda, kabaza wa njinga yamoto, sindinakwerepo chibwerere ku Nairobi, ndipo ndakhala ndikuletsa aliyense wa m'nyumba mwanga. Pageti pali atatu. Nditenga wa chipewa chabwino.